Tsiku Lomwe Kabudula Anaweruka

Inu amene mumati chitsulo ndi chitsulo basi, sunthirani kuno mumve za Kabudula. Mukamva mukatsutsire kwanu, ine ndisakumveni.

Kabudula sanali munthu. Kanali kamutu ka sitima koyendera dizilo, kachikasu, kakafupi, kamene kale kankagwira ntchito pa fakitale ina yowotcha laimu kumunsi ku chigwa. Sikanali ka maulendo ayi. Ntchito yake inali ya pabwalo pomwepo, kukankha mabogi onyamula katundu, kuwakoka ndi kuwasanja pa njanji kuti sitima yaikulu ikabwera ingowatenga. Anthu a pa fakitalepo ndi amene anakapatsa dzinalo poona kufupika kwake. Fakitale itatsekedwa, Kabudula anamunyamula n'kukamuika ku myuziyamu ya zamayendedwe m'tauni, pakati pa basi yakale yopanda mawindo ndi ngolo ya ng'ombe. Anamuyalira kanjanji kakafupi kothera pa khoma la njerwa. Batire anachotsamo, thanki ya dizilo inauma kalekale, ndipo kunsi kwa gudumu limodzi anakhomerako chipika cha mlombwa kuti asasunthe.

Amene ankasamalira Kabudula anali Dolika Makwinja, mayi wa zaka makumi atatu ndi zisanu, wamanzere. Ndati wamanzere chifukwa tsache ankagwira ndi lamanzere, choko ndi lamanzere, ndipo aphunzitsi ake a ku pulayimale anathyolera ndodo zambiri pa dzanja limenelo osaphula kanthu. Iye ndi amene ankasesa pamalopo, kupukuta fumbi ndi kufotokozera ana a sukulu akabwera kudzaona.

Ntchitoyi sanaipeze mwangozi. Bambo ake, a Laitoni Makwinja, ankagwira ntchito ndi Kabudula yemweyu ku fakitale kuja, ndipo anamwalira Dolika ali wa kumsana. Chithunzi chawo kunalibe. Mayi ake akafunsidwa ankangoti, “Anafera pa ntchito,” n'kutembenukira kukhoma, mpaka nawonso anatsikira kulichete osawonjezerapo liwu. Ndiye Dolika anakula ndi funso limodzi: kodi bambo anga zinawathera bwanji? Atamva kuti Kabudula ali m'tauni, anavutitsa mabwana a pa myuziyamupo mpaka anamulemba ntchito.

Zodabwitsa zinayamba ndi chipika chija. M'mawa wina mvula itangosiya, Dolika anachipeza chili pa sitepe yokwererapo woyendetsa. Sichinagwe, sichinaponyedwe. Chinali chitaikidwa bwinobwino, nsonga yake italoza kunja. Anachibwezera kunsi kwa gudumu. Mawa lake chinali pa sitepe pomwe paja, mkuja wake chimodzimodzi.

“Iwe wochotsa chipikawe, ulibe ntchito kwanu?” ankakalipa motero m'mawa uliwonse, akuchikhomera ndi chidendene. “Tsiku limene ndidzakugwire udzandidziwa!”

Atatopa, anakafunsa a Thengo, mlonda wa pageti.

“A Thengo, masewera anuwa andikwana. Chipikachi mukuchichotseranji?”

“Ine? Mayi, ndi msana wangawu? Ine ndikafuna kumanga nsapato ndimayamba ndapemphera. Ndikaweramire chipika kuti chitani?”

“Nanga simuona amene amachichotsa?”

A Thengo anakanda kumutu. “Kumene kuli Kabudula ine sindifikako dzuwa likalowa. Si mantha ayi, musandimve molakwa. Ndi ulemu chabe.”

Kenako kunabwera mchenga. Tikuuzeni inu osadziwa: kamutu ka sitima kamakhala ndi bokosi la mchenga, ndipo timapaipi timauthira pa njanji kutsogolo kwa magudumu kuti asaterereke. Bokosi la Kabudula Dolika analitsegulapo, munali ukonde wa akangaude ndi buluzi mmodzi wokalamba. Koma m'mawa wina anapeza timilu tiwiri ta mchenga pa njanji, kunsi kwenikweni kwa timapaipito. Unali mchenga woyera, wosalala, wa kumtsinje, pamene dothi la m'tauni monse muja ndi lofiira. Anauwolera m'kachitini n'kubisa. Mawa lake panalinso timilu tiwiri.

Munthu wina akanathawa ntchito. Dolika ayi, iye chidwi chinamupitirira mantha. Anayamba kulawirira kuti afike aliyense asanafike. Unali mwezi wa Juni, chiperoni chili mbee, chitsulo chilichonse chikuluma m'manja ndi kuzizira. Basi yakale ija inali zii. Koma atagwira m'mbali mwa Kabudula, anamva kufunda, ngati mphasa imene munthu wangodzukapo kumene. Ndipo kafungo ka dizilo wopsa kanali kakadalipo.

“Kodi iwe, umapita kuti ine ndikachoka?” anamufunsa Kabudula, akumupapasa.

Anatenga choko n'kulemba kamzere pa njanji, pomwe gudumu lagunda. M'mawa mwake gudumu linali litapitirira kamzereko ndi chala chimodzi, chobwerera m'mbuyo, kulowera kukhoma. Sabata itatha, panali pa chikhatho chathunthu.

Apa Dolika analakwitsa, anakauza bwana wake, a Msusa. A Msusa anali munthu wa tayi ngakhale Loweruka, ndipo zinthu zosalembedwa m'buku sankazikonda.

“Mayi Makwinja, pano ndi pamalo a maphunziro, si kwa asing'anga,” anatero atawerama kuona mizere ya choko ija. “Nthaka yatsetsereka basi.”

“Bwana, nanga mchengawu?”

“Mphepo.”

“Mphepo yoika timilu tiwiri tofanana? Nanga chipika?”

“Ana a sukulu.” Anaimirira n'kusasa mawondo. “Koma mwachita bwino kunena. Ana aja amakonda kukhala kukhoma kumbuyoku akamadya. Lachisanu ndiitana owotcherera zitsulo, magudumu onse awamatire ku njanji. Tione ngati chidzayendenso.”

Limenelo linali Lolemba. Dolika mtima unangoti myuu. Sankadziwa chimene chinkachitika pa Kabudula, koma chimodzi ankachidziwa: panali wina amene ankagwirapo ntchito, ndipo chimenecho ndi chokhacho chimene chinamutsalira cha bambo ake. Lachisanu akachiwotcherera, basi, funso lake adzafa nalo ngati mayi ake.

Madzulo a tsiku lomwelo ndi pamene anaikira mtima pa mkulu wina wa kumpanda. Ankamuona kale, koma ankangoti ndi mmodzi wa oyendayenda a m'tauni. Mkuluyo ankafika nthawi ya folo koloko, n'kuima kunja kwa mpanda wa waya moyang'anizana ndi Kabudula, chipewa chili m'manja. Sankapempha, sankayankhula. Geti ikamatsekedwa ankavala chipewa chake n'kumapita, akufufuza njira ndi ndodo.

“Amene aja? Chaka chachitatu chino,” anatero a Thengo, Dolika atawafunsa. “Ndikawauza kuti lowani mudzaone pafupi, amangoti, ‘Sindinaitanidwe.’ Maso awonso ndi a ng'ala, sindidziwa chimene amaonapo.”

Lachiwiri Dolika anapita kumpandako, koma mkuluyo atangomva mapazi anatembenuka n'kuchoka. Lachitatu anachenjera. Anatulukira pageti, n'kuzungulira, n'kumufikira kumbuyo, kachitini ka mchenga kali m'manja.

“Mwaswera bwanji, agogo?”

Mkuluyo anadzidzimuka. “Ndaswera, mayi. Ndikupita, musandithamangitse.”

“Sindikukuthamangitsani. Tapatseni dzanja.”

Anamuthira mchenga pachikhatho. Mkuluyo anaufikisa ndi zala, n'kuununkhiza.

“Uwu ndi wa kumtsinje wa kuseri kwa fakitale. Tinkauyanika pa lata, n'kuusefa. Mwautenga kuti?”

“Pa njanji, kunsi kwa Kabudula. M'mawa uliwonse. Chipikanso ndimachipeza chitachotsedwa.”

“Chili pati?”

“Pa sitepe.”

“Nsonga italoza kunja?”

“Eya.”

Mkuluyo anangokhala pansi pomwepo m'mbali mwa msewu. Dolika anakhala naye. Mkuluyo anati dzina lake ndi a Zuze, ndipo ndi iye amene ankayendetsa Kabudula.

“Pa ntchito yathu tinkakhala awiri,” anayamba a Zuze. “Ine pamwamba, kuyendetsa. Mnzanga pansi, kulumikiza mabogi. Mwambo wake unali wotere. M'mawa iye achotse chipika, achiike pa sitepe, kusonyeza kuti walowa ntchito. Akalowa pakati pa mabogi kukakoleka unyolo, ine ndisakhudze kanthu. Akatuluka, agogode katatu pa chitsulo, kenako aime poonekera, akweze dzanja. Ine ndimve ndi khutu, ndionenso ndi maso. Ziwiri zonsezo, mayi, osati chimodzi. Ndipo poweruka ndinkamuitana ndi dzina, kuti tuluka, taweruka. Iye ndiye n'kubwezera chipika.”

Anapukuta maso ndi chipewa.

“Tinagwira limodzi zaka zisanu ndi zinayi. Tinazolowerana mpaka khosi langa linachita ulesi. Ndinasiya kusuzumira pawindo. Ndikangomva go, go, go, ndinkakankha. Tsiku limenelo ndinamva go, go, go, ndinakankha chobwerera. Koma sanali iye. Anali makaniko wina akukhoma chitsulo kuseri kwa shedi. Mnzanga anali akadali pakati.”

Minibasi zinkadutsa, oitanira akukuwa mayina a malo. Dolika sanamve ndi imodzi yomwe.

“Ndinatsika, ndinaona, ndinathawa. Kumaliro sindinapite, mkazi wake sindinamuyang'ane kumaso. Ndipo mnzangayo sindinamuitane, mayi. Munthu uja sanaweruke mpaka lero.”

“Nanga kusunthako? Kabudula akubwerera m'mbuyo chala chimodzi tsiku lililonse.”

A Zuze anapukusa mutu. “Chimenecho sindidziwa. Koma ine ndikagona, ndimalota dzanja langa lili pa chogwirira choyendetsera chija.”

Dolika anafunsa, ngakhale yankho ankalidziwa kale. “Mnzanuyo dzina lake anali ndani?”

“Laitoni. Laitoni Makwinja.”

“Ine ndine Dolika. Mwana wa a Laitoni.”

Mkuluyo anatambasula dzanja kuti amugwire, koma Dolika anali ataimirira kale. Anakwiya, abale, anakwiya mpaka mchenga wotsala m'kachitini uja anafuna kumuwaza nawo kumaso.

“Kungotembenuza khosi kokha! Mayi anga anafa akuyang'ana khoma chifukwa inu munachita ulesi kutembenuza khosi! Ndiye mukubwera kudzaima pa mpanda ndi chipewa m'manja, kuti chitani?”

“Palibe chimene ndingayankhe, mwana wanga.”

“Musanditchule mwana wanu!”

Anachoka osacheuka. Kunyumba sanadye, ana ake anangomuyang'ana n'kusiyana naye. Yankho limene analifunafuna moyo wake wonse anali nalo tsopano, ndipo silinamupepuze ngakhale pang'ono. Koma mkwiyo utayamba kuphwa, ganizo lina linamugwira. Mawa ndi Lachinayi. Mkuja abwera owotcherera. Akamatira magudumu aja bambo ake ali pakati, ndani adzawatulutse? Ndipo wowaitana analipo mmodzi yekha pa dziko lonse lapansi, yemwe uja anamulalatira pamsewu.

Lachinayi m'mawa anapeza chipika pa sitepe, ndipo kwa nthawi yoyamba sanachibwezere. Tsiku lonse maso anali kumpanda. Folo koloko inakwana, kulibe munthu. Alendo omaliza anatuluka, a Msusa anakwera galimoto yawo n'kupita. Chiperoni chinali chitachoka, dzuwa lapendeka, likuwala chofiirira pa khoma la njerwa lija. Dolika anayamba kudziimba mlandu kuti wamuthamangitsa ndi pakamwa pake. Ndiye anamva ndodo, kho, kho, kho, m'mbali mwa msewu.

Anatuluka pageti n'kukaima patsogolo pake.

“Agogo, ndabwera kudzakuitanani. Tiyeni mukawatulutse bambo anga.”

Anamugwira dzanja n'kulowa naye. A Thengo anavula chisoti chawo, koma anatsalira pageti pomwepo, chifukwa cha ulemu uja.

Atafika pa Kabudula, a Zuze anasiya ndodo pansi. Munthu amene pamsewu ankapunthwa pa kamwala kalikonse, apa phazi linapeza sitepe lokha, linalambalala chipika, manja anagwira zitsulo zonse ngati wazisiya dzulo. Anaima m'kachipinda koyendetsera, n'kutulutsa mutu pawindo.

“Mayi, khutu ndili nalo, koma maso anga anafa. Mukhale maso anga. Imani chapambali, muyang'ane kumbuyo. Musandiuze chimene simunaone.”

Dolika anaima chapambali. Kumbuyo kwa Kabudula, pakati pa ngowe yokolekera mabogi ndi khoma, panatsala mpata wongokwana munthu mmodzi. Unyolo unali lende pa ngowepo.

A Zuze anakonzeka kuitana. Anatsokomola, n'kuyasamula pakamwa, ndipo linatuluka liwu la munthu wina, la mwamuna wa mphamvu zake wozolowera kukuwa pa phokoso la injini.

“Laitoni! Tuluka, taweruka!”

Kunangoti zii. Ngakhale minibasi za pamsewu zinamveka ngati zili kutsidya kwa phiri. Kenako unyolo uja unagwedezeka, pang'ono chabe, ngati wina waukhudza ndi phewa podutsa. Mphepo kunalibe.

Go.

Dolika anatchera khutu.

Go. Go.

Kulira kwake kunachokera m'mbali mwa Kabudula, pafupi kwambiri moti akanatambasula dzanja akanagwira pomwe pagogodedwapo.

“Ndamva,” anatero a Zuze. “Mwamuona?”

Dolika anayang'ana. Panali udzu, njanji, khoma. “Ayi, agogo.”

“Ndiye sindichita kanthu. Ulendo uno ayi. Yang'anitsitsani.”

Anayang'ana mpaka maso anachita misozi. Mkulu uja anali chiimire pawindo, zala zitakanirira pa chitsulo, ndipo dzuwa linali likutsika. Dolika anamumvera chisoni, ndipo bodza linafika pakamwa penipeni, kuti angoti eya ndawaona, nkhalambayi itsike ikapume. Koma anakumbukira kuti bambo ake anafa chifukwa wina anakhutira ndi khutu lokha. Analimeza bodzalo.

“Sindinawaone, agogo. Dikirani.”

Ndi pamene anayang'ana pa khoma. Chithunzithunzi chake chinali pamenepo, chachitali chifukwa cha dzuwa la madzulo, duku ndi chitenje zikuoneka bwinobwino. Pambali pake panali china. Dolika anacheuka kuti aone mwini wake, koma pamene panayenera kuima munthu panali udzu wokha, utagona pang'ono malo awiri. Anabwezera maso kukhoma. Chithunzithunzicho chinali chilipobe, chachitali kumuposa iye, chamapewa otambalala. Nkhope musandifunse, chithunzithunzi chilibe nkhope. Pang'onopang'ono chinakweza dzanja.

“Aima poonekera,” ananong'ona Dolika. “Akweza dzanja.”

“Liti?”

Dolika sanadziwe kuti pa khoma lamanja ndi liti, lamanzere ndi liti. Ndiye anakweza lake kuti ayerekeze, ndipo mosaganiza anakweza lomwe aphunzitsi anathyolerapo ndodo lija. Pa khoma panali manja awiri okwezedwa, mbali imodzi, ofanana ndendende.

“Lamanzere, agogo.”

A Zuze anaseka akulira. “Ndi iyeyo! Laitoni ngakhale moni ankafuna kupereka ndi lamanzere. Ndi iyeyo, mayi!”

Dolika anafuna kunena zambiri, zonse zimene anasunga zaka makumi atatu ndi zisanu, koma chimene chinatuluka ndi chimodzi chokha. “Ababa.”

M'kachipinda muja a Zuze anagwira chiwongolero cha buleki, chimene dzimbiri linachigwira kalekale, n'kuchizungulitsa mpaka chinalira n'kumanga. Dolika atayang'ananso pa khoma, panali chithunzithunzi chimodzi, dzanja likadali m'mwamba. Anapita kukathandiza mkuluyo kutsika, ndipo pa sitepe panalibe kanthu. Chipika chinali kunsi kwa gudumu, chitakhomeredwa molimba moti a Thengo atabwera mawa lake n'kuchimenya ndi jombo, chala chawo ndi chimene chinagonja.

Lachisanu owotcherera anabwera n'kumatira magudumu onse. A Msusa anaima pamenepo manja ali m'thumba. Patatha sabata anamuitana Dolika kuti adzaone mizere ya choko.

“Mwaona, Mayi Makwinja? Sichikusunthanso. Ndinakuuzani kuti ndi nthaka.”

“Munanena, bwana,” anatero Dolika.

Kuyambira pamenepo mchenga sunaonekenso. Chipika chinkakhala pomwe chili, ndipo Kabudula m'mawa ankazizira ngati basi yakale ija. Dolika anasangalala kuti bambo ake apuma, zimenezo n'zoona. Koma musaganize kuti sanalire. M'mawa wina anafika, tsache m'manja, pakamwa pataseguka kale kuti ayambe kukalipa monga mwa chizolowezi, n'kupeza palibe chokalipira. Ndi pamene zinamulowa kuti miyezi yonse ija ankafika m'mawa n'kumalalatira bambo ake omubereka kuti alibe ntchito kwawo. Anakhala pa sitepe n'kulira ngati maliro achitika dzulo.

A Zuze sanasiye kubwera nthawi ya folo koloko, koma tsopano ankalowera pageti. Masiku oyamba Dolika ankangowapatsa moni n'kupitiriza kusesa, chifukwa mtima sunali utapoleratu. Koma munthu wachidwi sasintha. Tsiku lina anatsamiritsa tsache pa gudumu, n'kukhala pambali pawo pa sitepe paja.

“Agogo, za mmene anafera mwandiuza. Tsopano tandiuzeni, ankaseka bwanji?”

A Zuze anaika chipewa pa bondo, n'kuyamba.